TSALA LA MCENGA LA ALDO LEOPOLD

M'caka ca 1935 mphunzitsi wina wa pa Yunivesite ya Wisconsin, m'dziko la United States of America, anagula munda umene alimi a kumeneko anaupeputsa onse. Dzina lace ndiye Aldo Leopold. Mundawo unali wa maekala 80, m'mbali mwa mtsinje wa Wisconsin, kufupi ndi mudzi wa Baraboo, ndipo anaugula pa mtengo wa madola 8 ekala imodzi, pakuti unali tsala lokha lokha. Nthaka yace inali mcenga woguga. Nyumba ya mwini wace wakale inali itapsa. Cotsalapo cinali khola la nkhuku lodzala ndi manyowa. Leopold sanagule malowo kuti alimepo cimanga kapena kuwetapo ng'ombe. Anafuna kuyesa ngati munthu mmodzi ndi banja lace, pokhala nayo fosholo ndi nkhwangwa, angathe kubwezera pa nthaka yotere mitengo, udzu, mbalame ndi nyama zimene zinalipo kale.

Dzikolo ndi la cisanu coopsa, kumene madzi a m'mitsinje auma gwa ngati mwala m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, ndipo cipale cofewa cikwirira minda. Kale kunali mitengo ya thundu ndi ya paini, ndi madambo akuru, ndi zigwa za udzu wautali, zimene eni dziko, a mtundu wa Ho-Chunk, anali kuzitentha pa nyengo yace. Azungu atalanda dzikolo anagwetsa mitengo nabzala tirigu caka ndi caka kufikira nthaka inakana. Pamenepo anayamba cimanga. Anakumba ngalande m'madambo kuti madzi acoke, koma nthaka yakuda ya m'dambo itauma inayamba kuyaka moto pansi, ndipo alimi ambiri anasiya minda yao ali ndi ngongole.

Nyama nazo zinatha. M'caka ca 1871 njiwa za mtundu wina, zouluka m'magulu akuru odetsa thambo, zinamanga zisa m'dziko lomweli la mcenga, zosawerengeka. Anthu anadza ndi maukonde ndi mfuti, nazipha, nazitumiza pa sitima ku mizinda m'migolo. Patapita zaka 43, m'caka ca 1914, njiwa yotsiriza ya mtundu wonsewo inafa m'khola losungiramo nyama ku Cincinnati. Mbalame imeneyo palibe amene angaibweze, ngakhale abzale mitengo yotani.

Mmbulu ndi nswala

Leopold anabadwa m'caka ca 1887 ku Burlington, m'cigawo ca Iowa, naphunzira za nkhalango ku Yale. M'caka ca 1909 analowa nchito ya Boma yoyang'anira nkhalango ku Arizona. Iye anali mlenje kuyambira ubwana wace, ndipo masiku amenewo anakhulupira monga anzace onse kuti kupha mimbulu ndi zirombo zina ndiko kucurukitsa nyama yonga nswala imene kumeneko aicha deer. Caka comweco anaombera mmbulu waukazi ndi ana ace m'mbali mwa mtsinje, osadziwa kuti cinthuco cidzamvuta mumtima zaka zambiri.

Cimene cinamtsegula maso ndi ici. Pa phiri la Kaibab, ku Arizona komweko, alenje a Boma anapha zirombo zodya nswala zaka zambiri, ndipo anthu analetsedwa kusaka nswalazo. Zinaswana, zinadya masamba ndi mphukira zonse kufikira pamene pakamwa pao panalekeza, ndipo kuyambira caka ca 1924 zinayamba kufa ndi njala zikwi zikwi. Akatswiri a pambuyo pace anatsutsana za ciwerengero ca nswalazo, ndipo ena anati ng'ombe ndi nkhosa zimene zinadya msipu womwewo zinali ndi mbali yace pa nkhaniyi. Koma mitengo yodyedwa inaoneka ndi maso. Leopold anazindikira kuti kusunga nyama si kukonda mtundu umodzi ndi kudana ndi wina. Nyama ikhala ndi moyo pa malo amene akhoza kuidyetsa ndi kuibisa, ndipo ikacuruka koposa malowo iononga nyumba yace yomwe.

Nyama za onse, munda wa mmodzi

Atasamukira ku Wisconsin m'caka ca 1924, anapeza vuto la mtundu wina. Kumeneko nthaka yambiri siili m'manja mwa Boma, koma ndi minda ya alimi, yense ndi kalata yace ya malo. Lamulo linati nyama za m'chire ndi za anthu onse. Koma cimene cinalamula ngati zinziri zikhala kapena zitha ndi dzanja la mlimi. Mlimi akalambula zitsamba zonse za m'malire, nalola ng'ombe kudya m'nkhalango yace kufikira pansi payera, naumitsa dambo lace, zinziri zitha ngakhale pasamveke mfuti ndi kamodzi komwe. Lamulo loletsa kusaka silipatsa mbalame cakudya, ndiponso siliibisa kwa kabawi.

Cifukwa cace Leopold anaphunzitsa kuti nchito yosunga nyama iyenera kuyambira pa munda, ndi kuti mlimi amene asiya malo ena cifukwa ca nyama ayenera kuonapo phindu lace. M'buku lace lochedwa Game Management, la caka ca 1933, anaonetsa kuti zipangizo zomwezo zimene zinatha nyama, ndizo nkhwangwa, pulawo, ng'ombe, moto ndi mfuti, zikhoza kuzibwezanso zikagwiridwa ndi nzeru. Caka comweco anamuika mphunzitsi woyamba wa maphunziro amenewa pa Yunivesite.

Anali atayesa kale nzeru imeneyi ndi alimi a pa kamudzi ka Riley m'caka ca 1931. Alimiwo anali kudandaula kuti alenje a m'tauni alowa m'minda yao osapempha. Anapangana tsono, alimi ndi alenje owerengeka: alimi anapereka malo, nasiya mizere ina ya cimanga yosakolola kuti mbalame zidye m'nyengo ya cisanu, nachinga zitsamba kuti ng'ombe zisalowemo, a m'tauni anapereka ndarama nathandiza kubzala, ndipo onse anasaka pamodzi mwa muyeso umene anagwirizana. Ku Coon Valley, kumene madzi a mvula anang'amba mapiri ndi kukwirira minda ya kunsi, anathandiza a Boma kuyambira 1933 kulangiza alimi kulima mopingasa phiri ndi kucotsa ng'ombe pa matsitso. Koma anaona kuti kulangiza ena nkwapafupi. Anafuna munda wace wace, kuti matuza aturuke m'manja mwace.

Nchito ya pa tsala

Banja lonse linagwira nchitoyo: iye, mkazi wace Estella, ndi ana ao asanu, Starker, Luna, Nina, Carl ndi Estella wamng'ono. Anakhala ku Madison, ulendo wa makilomita ngati 80, nadza ku tsala masiku a Loweruka ndi pa chuthi ca sukulu. Poyamba anaturutsa manyowa m'khola muja nawathira pa dimba, nakonza kholalo likhale kanyumba kogonamo, kopanda magetsi ndi mipope ya madzi.

M'caka ca 1936 anaoka mbande za paini zoyamba. Cilimwe ca caka cimeneco cinali ca cilala ndi kutentha koopsa m'America, ndipo pafupi fupi zonse zinauma. Caka cotsatira anaokanso. Anaphunzira kubzala m'mthunzi wa zitsamba, ndi kutunga madzi ndi ndowa kuthirira timitengo, ndi kudziwa mtundu wa paini wokonda mcenga wouma ndi wina wofuna cinyontho. Akalulu ndi nswala anadya mbande zina, madzi a mtsinje anamiza zina, moto unapsereza zina. Pa zaka 12 banjalo linaoka mitengo pafupi fupi 40,000.

Apa wowerenga acenjere, angaganize kuti phunziro la nkhaniyi ndilo kubzala paini. Ku Wisconsin paini ndi mtengo wa komweko, monga mombo ndi mtondo kuno. Mbalame ndi nyama za kumeneko zinazolowerana nao kuyambira kale lomwe. Kuno ku Zambia paini ndi bulugamu ndi alendo. Ali ndi nchito yao ya matabwa ndi mapaso, ndipo palibe woinyoza. Koma munda wa bulugamu subala masuku kapena matondo, ndipo gwape sapezamo cakudya. Cimene Leopold anacita ndico kufunsa kuti, Panali ciani pano kale? Cotero sanabzale mitengo paliponse. Pamene panali udzu kale anabwezapo udzu. Anafuna mbeu za udzu ndi maluwa a makolo m'malo amene pulawo silinafike, m'mbali mwa njanji ndi m'ngondya za manda akale, nazifesa, nakumba mizu ina pamene anthu anali kukonza mseu, naioka pa munda wace. Dambo analileka likhale dambo. Mitengo yakufa ndi ya mphako sanaigwetse yonse, pakuti ndiyo nyumba za agogomole ndi akadzidzi. Nthambi zodulidwa anaziunjika kuti tinyama tibisalemo.

Cinthu cina cimene anacita ciyenera kukondweretsa owerenga buku la masiku ndi miyezi longa lino. Anali ndi kabuku m'thumba, nalembamo tsiku limene duwa liri lonse linayamba kumasula, tsiku limene atsekwe a m'chire anabwera kucokera kumwera, tsiku limene madzi ouma a mumtsinje anasweka, ndi mapazi a nyama zimene anaona. Anacita ici caka ndi caka, osatopa. Popanda kabukuko sakadadziwa ngati munda uli kucira kapena maso ali kumnyenga. Mwana wace Nina anabwerera kukakhala pafupi ndi malowo m'caka ca 1976, nayambanso kulemba monga atate wace. Ndipo poyerekeza mabuku awiriwo, iye ndi anzace anaonetsa m'caka ca 1999 kuti maluwa ena ndi mbalame zina zinayamba kufika msanga koposa m'masiku a atate wace, popeza nyengo yafunda. Mlimi ali yense wodziwa kulemba akhoza kucita comweco: tsiku la mvula yoyamba, tsiku loturuka inswa, mwezi umene citsime cinaphwa.

Za moto

Pa zipangizo zonse zija, moto ndiwo wovuta kuumvetsa. Leopold anaphunzitsidwa ku sukulu ya nkhalango kuti moto ndi mdani nthawi zonse. Koma pa munda woyesera wa Yunivesite ku Madison, kumene iye ndi anzace anayamba kubwezera udzu wa makolo m'zaka za m'ma 1930, kunaoneka kuti udzuwo suyenda bwino popanda moto. Zitsamba ndi udzu wacilendo wocokera ku Ulaya zinaupitirira. Atayesa kutentha pa nyengo yoyenera, cisanu citangotha, udzu wacilendo unafooka, ndipo wa makolo, umene mizu yace ipita pansi kwambiri, unaphuka ndi mphamvu.

Nzeru yonga yomweyo inapezeka kuno m'zaka zomwezo. Kufupi ndi Ndola, kuyambira 1933, a za nkhalango anagawa chire m'zigawo: zina sanazitenthe konse, zina anazitentha kuciyambi kwa cilimwe udzu usanaumitse, zina anazitentha mocedwa, m'nyengo yotentha mvula iri pafupi. Colin Trapnell analemba zoturukapo m'caka ca 1959. Kumene anatentha mocedwa caka ndi caka, mitengo ya mtundu wa mombo ndi mtondo inatha, natsala mitengo yopirira moto yonga mlombwa, pakati pa udzu wautali. Kumene anatentha msanga, nkhalango inakhalabe ciriri ndipo timitengo tinakula. Cifukwa cace ncodziwika: m'Okutobala udzu uli wouma kotheratu, mphepo iri yamphamvu, ndipo mitengo yayamba kale kuphuka masamba anthete, moto wa pamenepo ukwera kufikira kunsonga. Moto wa mu Meyi kapena Juni ukwawa pansi, nufa wokha ndi mame a usiku, nusiya zidutswa zosapsa zimene nkhwali ndi akalulu athawiramo. Wotentha chire m'Okutobala kuti agwire mbewa alipira nkhalango yonse pa ndiwo za tsiku limodzi, ndipo kawiri kawiri nkhalangoyo si yace.

Moto wa mnansi ndiwo unatsiriza moyo wa Leopold. Pa 21 Epulo 1948, ali pa kanyumba kaja ndi mkazi wace ndi mwana wao wamng'ono, anaona utsi pa munda wa mnansi, kumene moto wotenthera zinyalala unapulumuka nulowa m'udzu wouma, kulunjika ku dambo ndi ku mitengo yace. Anatenga zozimira moto napita kukathandiza. Ali kulimbana nao, mtima wace unaleka; anagona pansi namwalira, ali ndi zaka 61. Sabata imodzi m'mbuyomo anali atalandira mau akuti osindikiza abvomera buku lace lonena za tsalalo. Linaturuka m'caka ca 1949 ndi dzina lakuti A Sand County Almanac, ndipo lamasuliridwa m'zinenero zambiri.

Zimene mwini wace sanazione

Pomwalira iye mitengo yambiri inali isanakule. Maekala ace, amene anafika 120, anali ocepa, pakuti nyama sizidziwa malire a munda. M'caka ca 1967 eni minda yozungulira anapangana kuti asunge malo ao pamodzi monga dziko limodzi, yense akhalabe mwini wa gawo lace. Mutu umodzi susenza denga. Ana ace asanu, amene onse anakhala akatswiri a za cilengedwe, anayambitsa bungwe la Aldo Leopold Foundation m'caka ca 1982, ndipo ndilo lisamala malowo.

Mitengo ija inakula, koma kunaoneka kuti inabzalidwa mothithikana. Inapikisana kufuna dzuwa niyamba kufooka. Pamenepo nkhwangwa inagwira nchito imene Leopold ananena: anapatulira mitengo, nagwetsa ina kuti yotsala ipume, ndipo matabwa ace anamangira nyumba yophunziriramo imene inatsegulidwa m'caka ca 2007.

Codabwitsa coposa ndi mbalame yaikuru ya miyendo yaitali ndi khosi lalitali, yonga kakowa koma yoposa msinkhu ndi yotuwa, imene aicha sandhill crane. M'zaka za m'ma 1930 Leopold anayesa kuti m'Wisconsin monse munatsala mabanja a mbalameyi ngati 25 okha, ndipo anaopa kuti idzatsata njiwa zija. Sizinatero. Lamulo linaletsa kuisaka, madambo ena anabwezeredwa madzi, ndipo mbalameyo inaphunzira kutola cimanga cotayika m'minda atakolola. Tsopano m'mwezi wa Novembala zikwi zambiri zisonkhana pa mcenga wa mumtsinje pafupi ndi kanyumba kaja, zisanauluke kunka kumwera.

Kubwera kwa nyama kuli ndi mtengo wace, ndipo wobisa ici sanena zoona kwa alimi. Mbalame zomwezo zizula cimanga congomera kuti zidye njere ya kunsi, ndipo alimi a ku Wisconsin anadandaula kolimba. Cothandiza cinapezeka m'mankhwala opaka pa mbeu, ochedwa Avipel, amene sapha mbalame koma aipitsa njere m'kamwa. Mbalame ikhalabe m'munda nidya mphutsi ndi tizirombo, nileka cimanga. Nswala nazo zinacuruka m'Wisconsin Leopold akali moyo, ndipo m'caka ca 1943, pamene analimbikira kuti ziphedweko zazikazi zomwe nkhalango isanathe, alenje ambiri anamtukwana m'manyuzipepala. Munthu yemweyo amene anakana kuti mimbulu ithedwe anapempha kuti nswala zicepetsedwe, ndipo cifukwa cace cinali cimodzi.

Ku Baraboo komweko kunayambika m'caka ca 1973 bungwe la International Crane Foundation, losamala mbalame za mtundu umenewu pa dziko lonse. Nchito yace yafika ku Zambia, ku madambo a Kafue, kumene kukhala mbale wa mbalame ija, wa ndebvu zolendewera pakhosi, wocuruka kumeneko koposa kwina kuli konse. Ku Lochinvar, kumene kale kunali famu ya ng'ombe, citsamba caminga cocokera ku America, cochedwa Mimosa pigra, cinaphimba msipu wa mbalamezo ndi wa nyama. Ndipo anthu a m'midzi yozungulira alembedwa nchito yocidula ndi kucitentha kuti udzu ubwerere.

Munda wa kuno

Malo a kumidzi kuno sagulidwa monga a ku Wisconsin. Ambiri apatsidwa ndi mfumu, nakhala m'manja mwa banja. Koma vuto lija liri lomwelo. Lamulo la nyama la caka ca 2015 liika nyama zonse za m'chire m'dzina la Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo kusaka popanda cilolezo ndi mlandu. Komabe wolamula ngati nkhanga zidzaikira mazira kuseri kwa munda ndiye mwini munda, ndi mnansi wace, ndi mnyamata wonyamula macesi.

Pa cinthu cimodzi mlimi wa kuno ali ndi mwai woposa Leopold. Uja anayenera kugula mbande ndi kuzithirira ndi ndowa, pakuti paini ukadulidwa suphukanso. Mitengo ya miombo siitero. Citsa ca mombo kapena mtondo cikhala camoyo pansi zaka zambiri, ndipo caka ndi caka ciponya mphukira, zimene moto, mbuzi ndi khasu zizibweza. Tsala likachingidwa ku moto wa mocedwa ndi ku ziweto, ndipo pa citsa ciri conse nkusiyapo mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, kudula zinazo, mitengo ikwera msanga koposa yobzala, popeza mizu yace ndi yakale ndi yozama. Pamodzi ndi mitengoyo pabwera zimene sizifesedwa. Bowa wambiri wodyedwa umera pokha pokha pamene pali mizu ya mitengo ya miombo, pakuti ukhala pa mizuyo. Matondo adya masamba ace. Njuci zitenga uci m'maluwa ace.

Malo oyamba kuwaleka ndiwo amene apindulitsa pang'ono polima: gombe la mtsinje, mutu wa dambo pamene kasupe aturukira, citunda ca miyala, ndi mzere wa malire pakati pa minda iwiri. Mizere yotere ikalumikizana, munda ndi munda, ikhala njira imene gwape ayendamo kucokera kuphiri kunka kumadzi osaonekera. Anyani ndi nguluwe zidzayendamonso, ndipo zimenezo zifuna ulonda ndi upo wa mudzi wonse, monga alimi a ku Riley anapangana asanayambe. Lamulo la nkhalango la 2015 lilola mudzi kupanga gulu losamala nkhalango yace ndi kulandira mphamvu pa zoturukamo, mfumu itabvomereza. Ofuna kutero ayambe kufunsa kwa mfumu yao ndi ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma lao.